Tatopa, Galu wa Mbuzi

Nellie ankakhala ku Ruarwe, m'munsi mwa mapiri. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kupuma.

Bambo ake anali ku Joni, kumigodi. Amayi ake ankatandala kumunda wa chinangwa. Mbuzi zinatsalira Nellie.

M'mawa ankakwera nazo phiri. Madzulo ankatsika nazo. Miyendo inkawawa. Maso ankalemera. Koma akangosinza, kambuku ankagwira mbuzi. Mbuzi zinkatha.

Tsiku lina malume ake, a Jobe, anafika pa bwato. Anabwera ndi kagalu kofiira.

"Asibweni, n'kanga?" anafunsa Nellie.

"Ayi, mwana wanga. N'ka mbuzi. Kazigona m'khola. Kaziyamwa mbuzi. Usamakanyamule."

Amayi anausa moyo. "Pakamwa penanso? Ife tatopa!"

Basi, kagalu kaja kanatchedwa Tatopa.

Tatopa ankalira m'khola. Nellie anamva chisoni. Anamubereka kumbuyo. Anamupatsa usipa. Anamugoneka pamphasa pake.

Nanga galu n'kuiwala usipa? Nellie akapita kunyanja, Tatopa pambuyo. Akapita kukavuula chinangwa, Tatopa pambuyo. Mbuzi zinatsala zokha. Kambuku anatenga kamwana ka mbuzi yoyera.

Nellie analira. Amayi sanakalipe n'komwe. Anali atatopa kwambiri.

Nellie anabweza Tatopa m'khola. Anagwira mbuzi yoyera ija. Mkaka unali utadzaza. Tatopa anayamwa, nayamwa.

Nellie anatseka khola. Tatopa analira. Nellie anatseka makutu.

Miyezi inapita. Tatopa anakula. Ankanunkha ngati tonde. Nellie akamuitana, ankangogwedeza mchira. Sankabwera. Zinkamuwawa Nellie.

Masana ena kuphiri dzuwa linaswa mtengo. Maso analemera. Nellie anasinza.

"Hu! Hu! Hu!"

Nellie anadzidzimuka. Kambuku anali pathanthwe! Mbuzi zinaunjikana. Tatopa anaima patsogolo pawo, ubweya utaima. Anauwa, nauwa. Sanasunthe.

Kambuku anamuyang'ana. Anatembenuka. Analowa m'tchire.

Madzulo Nellie anafika kunyumba. 

"Ama, ndinagona," anatero. "Kambuku anabwera. Koma mbuzi zonse zilipo."

Amayi anatula dengu. Anakhala pansi. Kenako anaseka. Nellie anali ataiwala kaseko kawo.

M'mawa mwake Tatopa anakwera phiri yekha ndi mbuzi zake. Masana amayi anayala mphasa pansi pa mango.

"Bwera kuno, mwana wanga," anatero. "Lero tigone tonse."