Fungo la Madzi pa Mutu wa Thandi

Hannah analimva koyamba fungolo Lachiwiri madzulo, mu Okutobala, magetsi atangozima ku Chilobwe. Anali akuchokera kubafa lapanja, komwe sanakhalitseko n'komwe. Atawerama kuti anyamule mwana wake Thandi, wa miyezi itatu, manja anaima m'malere. M'chipindamo munkatentha ngati mu uvuni, malata akungothetheka, koma mutu wa mwanayo unali wozizira, wonyowa pang'ono, ndipo unkanunkhira perefyumu. Silinali fungo la maluwa ayi. Linali lopepuka, longa la madzi ozizira atathiridwa pa thabwa locheka kumene.

M'nyumbamo munalibe wodzola zotere. Mwamuna wake Chrispine ankanyamula makatoni m'sitolo ina ku Limbe, ndipo ankabwera akununkha thukuta ndi fumbi. Atafika, Hannah anamulandira jumbo ya ndiwo n'kumununkhiza kolala ya malaya mwakabisira.

"Kodi mwalowa upolisi wa mphuno, mayi a Thandi?" anaseka Chrispine.

"Tanunkhizani mwanayu."

"Ndi sopo ameneyu."

"Sopo wathu ndi wa mtanda uja, bambo a Thandi. Anayamba liti kununkhira chonchi?"

Lachitatu zinachitikanso, Lachinayinso chimodzimodzi, nthawi yake yomweyo ya chisisira, Hannah akangotuluka kukasamba. Chomwe chinkamuopsa kwambiri n'chakuti Thandi sankalira. Mwana amene masana onse ankavuta ndi kutentha ankangogona phee, maso ali pangodya ya pamwamba pa chitseko, ndipo ankakana bere mpaka ola litatha. Kuchipatala anamupima n'kunena kuti alibe vuto.

Pampopi amayi anali ndi mayankho awo. Wina ananong'ona kuti bambo akayenda njira zina mwana ali wakhanda, zimaonekera pa mwanayo. Wina anati pali munthu amene akulowa m'nyumba. Koma Hannah atanena kuti amakhala m'nyumba yatsopano ya kumtunda ija, pafupi ndi miyala ikuluikulu, yomwe analowa miyezi iwiri yapitayo, onse anayang'ana zidebe zawo.

Lachisanu m'mawa anabereka mwana, n'kukwera minibasi ya ku Limbe atapinda kachipewa ka Thandi m'pepala la pulasitiki. Pakhonde la sitolo ina panali a Ridwan, bambo wa ndevu zoyera amene amathira perefyumu m'timabotolo. Ananunkhiza kachipewako atatsinzina.

"Iyi ndi ya azibambo, mayi. Ankaikonda nyengo yotentha ngati ino, chifukwa siyilemera, imakhala ngati munthu wangotuluka kumene m'madzi. Koma inasowa. Papita zaka ziwiri osaipeza kopikula."

"Ndiye angakhale nayo ndani?"

"Wosunga zakale," anatero a Ridwan, akubweza kachipewako msangamsanga. "Komatu iyi yathiridwa dzulodzuloli."

Madzulo amenewo magetsi atazima, Hannah anawaza phulusa pakhomo, anasiya chitseko chosakhoma monga mwa masiku onse, n'kulowa m'bafa. Sanavule. Ankatunga madzi ndi kapu n'kumathira pansi kuti amveke ngati akusamba, diso lili pampata wa mpanda. Kumunsi kunkamveka wailesi ya mabatire ndi ana akuitanidwa kukadya. Kenako agalu a nyumba zoyandikana anangoti zii nthawi imodzi.

Munthu anatulukira kuseri kwa miyala. Ankayenda pang'onopang'ono, mutu uli m'mwamba ngati akutsatira kamphepo. Pakhomo anaima kanthawi, kenako anakankha chitseko.

Hannah anathamanga tochi ya foni ili m'manja. Pafupi ndi bedi panaima mayi wowonda, atagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Anali a Constance, amene amagulitsa tomato kumunsi kwa msewu.

"Ndinu! Mukumutani mwana wanga masiku onsewa?"

"Sindinamukhudze, mayi a Thandi. Muno ndalowa lero lokha."

"Bodza!"

"Ndinunkhizeni."

Hannah anawagwira nsalu n'kuwakokera pafupi. Ankanunkha utsi ndi tomato. Koma chipinda chonse chinali chitadzaza fungo lija, lamphamvu kuposa masiku onse, ndipo mutu wa Thandi unali utanyowa kale. Anaunikira pansi. Pa phulusa la pakhomo panali mapazi ake ndi a Constance basi. M'mbali mwa bedi, pa simenti, panali malo awiri onyowa, oyandikana, monga pomwe paima munthu wochokera pamvula.

"Ndakhala ndikulimva fungoli kuyambira Lachiwiri ndikamadutsa," ananong'ona a Constance. "Lero ndalephera kupirira. Ndi perefyumu ya amuna anga, a Dalton. Kukatentha sankatuluka osathira, ankati munthu wosauka azinunkhirako bwino. Botolo lake linapita ndi madzi."

"Madzi ati?"

"Eni nyumba sanakuuzeni? Pano panali nyumba yathu. Tsiku lomwe matope anatsika m'phirimu tinatuluka tonse, ine, a Dalton ndi ana athu awiri akuluakulu. Tili panja ndi pomwe tinazindikira kuti aliyense ankayesa kuti khanda lanyamulidwa ndi mnzake. A Dalton anabwerera kukatenga khandalo, Emily wathu. Bedi lathu linali pomwe pali lanupa." Analoza pomwe panagona Thandi. "Sanapezeke onse awiri."

Thandi anamwetulira ali chiyang'anire pangodya paja, n'kukweza timanja ngati mmene amachitira akafuna kunyamulidwa.

Hannah anamutsomphola pabedipo n'kumupanikiza pachifuwa. Thupi la mwanayo linali lozizira mpaka kumapazi.

"Chokani naye lero lomwe," anatero a Constance. "Amuna anga sankasiya ntchito pakati."

Chrispine anawapeza panja, pamsewu. Anayamba kunena za lendi yomwe anali atalipira kale, koma atalowa kukatenga thewera anatuluka msangamsanga, akupukuta mphuno ndi dzanja. Ananyamuka ndi mkazi wake ndi mwana kukagona kwa mlongo wa Chrispine ku Chigumula. Minibasi isanafike n'komwe ku Limbe, Thandi anatuluka thukuta, analira mokweza mpaka kondakitala anadandaula, kenako anagwira bere mwaukali. Hannah ananunkhiza mutu wake kasanu konse. Unkanunkha mkaka ndi thukuta basi.

M'mawa Chrispine anabwerera ndi galimoto kukatenga katundu. Anapeza a Constance atakhala pakhonde, atavala diresi yoyera bwino, nsalu yoberekera mwana itapindidwa pamiyendo. Atatulutsa bedi, lomwe linali lomaliza, mayiwo anatambasula dzanja.

"Kiyi mundisiyire, achimwene."

"Mukufuna mutani m'nyumba yopanda kanthu, mayi?"

"A Dalton abweranso kukamada. Asadzapeze mulibe munthu. Wina ayenera kuwauza kuti asiye kufunafuna."