Kampando Kotsikira a Efulemu

Ine ndine Everlyn wa ku Mitundu, mkazi wa malemu a Efulemu. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, choncho musayembekezere mawu okometsera. Zimene ndikulembazi zinachitika pakhomo panga, mdima usanagwe n'komwe. Analipo a Saida oyandikana nane nyumba, munthu wosadziwa kunama. Analiponso alamu anga a Maness, amene akanakonda kuti zisachitike. Kawafunseni.

Amuna angawo anali msilikali woyendetsa galimoto. Zaka zisanu ndi zitatu ankalondera malire kumapiri a Dzalanyama, kuthamangitsana ndi ootcha makala ndi odula mitengo. Galimoto yawo inali kaja kakang'ono kobiriwira, kopanda zitseko, kokwera pamiyala ngati mbuzi. Anthu akakaona pamsika ankasirira. Ine ndinkakatukwana. Mwala uliwonse umene tayala laponda unkathera mumsana mwa munthu.

Anapita kumeneko ali owongoka ngati bulugamu. Pofika chaka chachisanu ankayenda atagwira m'chiuno. Lachisanu lililonse akatsika kudzagula ufa ndi nyemba, ankadzera pakhomo. Ankaimika pansi pa mango, koma kutsika okha sankatha, miyendo inkachita dzanzi. Ndikangomva injini ndinkathamangira m'nyumba kukatenga kampando kamene anasema okha, n'kukaika pambali pa galimoto. Iwo ankapondapo, dzanja lili paphewa langa.

"Pang'onopang'ono, mayi a Zipora, katunduyu ndi wosweka kale," ankatero.

"Amene anaswawo bwanji sabwera kudzanyamula?" ndinkayankha.

Kenako miyendo inaferatu. Anagona miyezi isanu ndi iwiri, ine ndikuwatembenuza, kuwasambitsa, kuwapaka mankhwala onunkha aja. Achibale awo zii. Masiku omaliza manja awo ankakhala m'malere ngati agwira chiwongolero, pakamwa mawu amodzi okha: "Sanagogode. Sanagogode." Ndinkayesa ndi kutentha kwa thupi.

Maliro atangotha, a Maness, alongo awo, anabwera ndi ngolo. Anatenga njinga, wailesi, matiresi, mpaka kampando kaja. Ine ndili pachitengwa, kumudzi kwa amuna, ndikanatani? Ndinangowauza kuti atengenso ndowa imene achimwene awo ankakodzeramo, poti ali moyo sanaikhudzepo.

Lachisanu lotsatira, nkhuku zikulowa m'khola, ndinamva injini ikuchokera kuphiri. Ndinaidziwa. Inali ndi kachifuwa kake ikamasintha giya. Inakhota pachulu, inaima pansi pa mango. Ndinatuluka. Panalibe kanthu. Koma injini ikulira ndithu, masamba ouma akunjenjemera pansi, fungo la dizilo ndi la matope ofiira lili thoo, chonsecho unali Okutobala, mvula kulibe. Agalu anakabisala kunsi kwa nkhokwe. Inalira mpaka mdima unagwira, n'kubwerera.

Sabata yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu mudzi wonse unali utamva. A Maness anabwera ndi amalume awo.

"Munawadya achimwene anga inu," anatero. "Munthu wofa bwino sabwerera. Galimotoyo ikangoliranso Lachisanu n'kubwereranso osazima, mutenge nsanza zanu muzipita kwanu."

Amalumewo anagwedeza mutu kuvomera. Nyumba imene njerwa zake ndinaumba ndi manja angawa! Mwana wanga Zipora ali fomu fili, ndikanapita naye kuti?

Ndinakwera kabaza mpaka ku Nathenje kukafuna a Alick, msilikali amene ankakhala pambali pa amuna anga m'galimoto muja. Ndinawapeza akusoka nsapato pakhonde la sitolo ya a Athumani, ndodo ziwiri zili pambali. Iwowo phiri linawadya mawondo. Ndinawafotokozera zonse.

"Alamu," anafunsa motsitsa mawu, "ikafika imazima, kapena imangolira?"

"Imangolira."

Anaika nsapato pansi. "Ndiye kuti sanagogode."

Ndinakumbukira mawu a amuna anga aja, n'kufunsa tanthauzo lake.

Anandiuza kuti kuphiri dalaivala sazimitsa injini mwa iye yekha, ngakhale afike. Wina amayamba watsika, kuzungulira kuona ngati kuli bwino, kuika mwala kutayala, kenako n'kugogoda kawiri paboneti. Popanda zimenezo dalaivala amakhala pompo, ngakhale kuche.

"Pakhomo panu ndinkagogoda ndine, inu muli m'nyumba kutenga kampando. Tsiku lomaliza lija tinawazula pachiwongolero atakomoka, injini ikulira. Palibe anagogoda." Anayang'ana pansi. "Ndinaiwala ndine."

"Ndiye tiyeni mukagogode."

"Ndi mawondo awa? Komanso ndisaname alamu, ndikuopa. Mukagogode inu, dzanja lanu amalidziwa. Koma kampando kakhalepo. Satsika popanda iko."

Lachinayi ndinapita kwa a Maness. Ndinawapeza akhalira kampando komweko, akuswa mtedza.

"Dzukani."

"Mwapenga eti?"

"Dzukani nokha, ndisakudzutseni ine."

Anandiyang'ana m'maso, anadzuka. Ndinakanyamula pamutu. "Mawa mubwere," ndinawauza, "mudzaone mfiti ikugwira ntchito."

Anabweradi. Anaima patali pafupi ndi chulu. A Saida anakhala pakhonde langa atagwira Zipora dzanja. Dzuwa linali litafiira.

Nkhuku zinalowa. Agalu anasowa.

Kenako tinaimva. Patali kaye. Inatsokomola posintha giya. Inakhota pachulu, chitenje cha a Maness n'kukupiza ngati chawombedwa ndi mphepo. Anakuwa kamodzi, n'kudzigwira pakamwa.

Inaima pansi pa mango.

"Mayi, musapite," ananong'ona Zipora.

"Khala chete. Ndi bambo ako."

Ndinachita monga anandiuzira a Alick. Ndinazungulira malo onsewo, utsi wosaoneka ukundilowa m'mphuno. Ndinatola mwala, ndinauika pamene ndinkadziwa kuti pamakhala tayala. Mwalawo sunagone pansi bwino. Unatsamira chinachake.

Ndinaika kampando kumanja.

Ndinapita kutsogolo. Ndinatambasula dzanja m'malere.

Ndinagogoda.

Chitsulo. Chotentha.

Chinalira kuti ngo, aliyense anamva. Ndinagogodanso.

Injini inazima.

Kunangoti zii. Ngakhale nkhululu sizinalire. Kunkangomveka chitsulo chikuthetheka pozizira.

Ndinakaima pambali pa kampando, ndinapereka phewa.

Kampando kanalira. Miyendo yake inalowa m'dothi.

Dzanja linatera paphewa langa. Lolemera, monga kale. Fungo la mankhwala opaka aja linandizinga.

"Pang'onopang'ono, bambo a Zipora," ndinatero. "Mwafika."

Pafupi ndi khutu langa munthu anapuma mpweya wautali, wa munthu amene watula katundu. Tinayenda mapazi atatu. Pa phazi lachinayi dzanja linapepuka. Pa lachisanu ndinali ndekha.

Ndinakhala pansi padothi n'kulira. Pamaliro sindinalire chonchi, ndinali ndi ukali wokhawokha. Tsiku limenelo ndinalira ngati mwana, ndipo mtima unapepuka.

Tili chikhalire, kumbuyo kwanga injini inaliranso. Inabwerera cham'mbuyo, inakhota pachulu, inalowera kuphiri. Mwala uja unagwa chagada.

A Saida ndi amene anayamba kuyankhula. "Maness, mwaona. Mfiti sipereka phewa."

A Maness anangotembenuka kupita kwawo. M'mawa mwake ndinapeza njinga ndi matiresi pakhonde. Wailesi akuti inawonongeka. Bodza, ndimaimva ikuimba kwawo. Akhale nayo. Za kundithamangitsa palibe anatchulanso, ndipo Zipora walemba mayeso ake akugona m'nyumba ya bambo ake. Pazala zanga ziwiri panatuluka matuza, zipsera zilipo mpaka lero. Papita miyezi khumi, Lachisanu limafika n'kudutsa, pansi pa mango pamangosewera nkhuku.

Nditapita ku Nathenje kukawauza a Alick, anavula chipewa, anapukuta m'maso ndi chala choda ndi phula losokera nsapato. Kenako anafunsa:

"Mwati inabwerera kuphiri?"

"Inde."

"Iwo atatsika kale?"

"Atatsika kale."

Milomo yawo inagwedera ngati akutchula maina.

"Tinalipo ambiri m'galimoto muja," anatero, n'kutolanso nsapato.

Amene anaiyendetsa pobwerera sindikumudziwa, ndipo sindikufuna kumudziwa. Mwina pali pakhomo pena pamene ikuima Lachisanu, mkazi wina akutchedwa mfiti. Ngati ndinu, pezani kampando, mugogode kawiri. Anga anatsika.