Dzanja Lomwe Linakanda Penti

Anakumana pa siteji ya maminibasi pa boma la Nkhotakota, chaka chomwe anthu anayamba kutchula mayina a zipani osacheuka. Yasini anali atanyamula makina opolishira galimoto paphewa, chingwe chili lendelende. Mtsikana wina yemwe ankadikira minibasi ya ku Benga anamuseka.

"Achimwene, chimenecho n'chometera mbuzi?"

"N'chochotsera zipsera pa galimoto, chemwali. Koma inuyo mulibe poti ndingapolishe. Mulungu anamaliza yekha."

Mtsikanayo anabisa kamwa ndi mpango. Dzina lake anali Mariamu. Maminibasi awiri anamusiya tsiku limenelo, koma sanadandaule.

Kuyambira pamenepo, Lachisanu lililonse akatuluka mu mzikiti, Yasini ankakwera matola wa ku Benga.

"Mari wanga, nthiti yanga, ukadzandisiya ndidzapenga ine."

"Ndikusiyeni ndipite kuti, a Yasini? Mpunga ukakololedwa mutumize ankhoswe. Ine ndine wanu mpaka kumanda."

Mwana wa eni anakhulupirira. Ndani akanakayika? Ngakhale pamene Mariamu anayamba zifukwa, lero mayi akudwala, mawa kuli maliro ku Bua, iye ankangoti zimachitika.

M'mawa wina pa galaja ya a Kalilu, pomwe Yasini ankagwira ntchito, panafika galimoto yakuda. Mwini wake anali Abdulhamid, wamalonda a mpunga, munthu wa pakamwa posatseka.

"Ndikufuna iwale ngati galasi. Loweruka inyamula mkwatibwi wanga."

Yasini anaiimika padzuwa, nawerama kuiyang'ana chammbali. Penti yense anali timizere tokhatokha tozungulirazungulira.

"Bwana, pali wina amene amaipukuta ndi nsalu youma fumbi lili pomwepo. Ndipo sanayambe dzulo. Timizereti tasanjikizana kwa miyezi."

Abdulhamid anaseka chikhakhali. "Mwalasa. Ndi mkwatibwi yemweyo. Ndikangoima pakhomo pawo ku Benga amathamanga ndi chitenje, pukutu pukutu, chiyambire Ramadani. Ndingamuletse bwanji poti n'chikondi? Si uyo akubwera apoyo, Mariamu wanga."

Ramadani! Si mwezi womwewo umene ankalumbira zoti ndi wake mpaka kumanda? Yasini anacheuka.

Mariamu anatulukira atanyamula maliboni okongoletsera galimotoyo. Atangomuona Yasini, mtsikanayo anaima chilili. Abdulhamid sanaone kanthu, analowa mu ofesi kukacheza ndi a Kalilu.

"A Yasini, ndimafuna ndikuuzeni."

"Liti? Utabereka?"

"Amalume ndiwo anandikakamiza."

"Amalume akowo ndiwo ankakugwira mkono popukuta?" Analoza pachitseko cha galimoto. "Taona wekha. Ili si dzanja la munthu wokakamizidwa. Munthu ameneyu ankapukuta akuimba."

Mariamu anangoti zyoli, misozi ili mbwembwembwe. Sanakane.

Kusakanako ndiye kunamupweteka Yasini koposa. Bwenzi Mariamu atanama pang'ono, mwina Yasini akanapeza pogwira. Mtima unamuuza kuti akanikize makina malo amodzi mpaka penti apse, akwati akayende ndi chipsera tawuni yonse ikuona. Koma penti analakwanji?

Anathira polishi pa siponji, nayatsa makina. Mariamu anayamba kuyankhula, milomo ikugwedera, koma phokoso linameza mawu onse. Kaya kunali kupepesa, kaya bodza lina, Yasini sanafune kumva. Anayendetsa makinawo pang'onopang'ono, uku ndi uku, misozi ikudonthera pa boneti, ndipo timizere ta dzanja lomwe ankafuna kuliveka mphete tinkazimirira iye akuona.

Pofika masana anazimitsa makina, napukuta chitseko chija ndi nsalu yofewa. Chinkawala ngati galasi, chopanda kamzere ngakhale kamodzi. Anasuzumiramo kuti amuone Mariamu komaliza ataima kumbuyo kwake.

Munali iye yekha.