Ulusi Wowola wa Kasingano

Mphunzitsi wina wa Chingerezi analowa m'shopu ya telala batani lili m'manja, ngati mwana amene wagulula dzino. Telalayo anali mtsikana amene anthu ankamutchula kuti Kasingano, chifukwa chochepa thupi ndi kuthwa pakamwa. Anamukonda mnyamatayo pomwepo.

Vuto linali lakuti mphunzitsiyo anali wamanyazi, mtundu uja woti ukamudikira kuti akufunsire, imvi zimakupeza uli pa mashini. Nanga akanatani mwana wamkazi? Anatenga ulusi wowola umene unkangogona m'kabati, n'kusokera batanilo uku akumwetulira.

Sabata isanathe, mphunzitsi uyo wabweranso, batani lija lathothoka. Kenako batani lina, kenako mpendero wa buluku. Iye ankangodandaula kuti zovala za masiku ano n'zosalimba, Kasingano n'kumavomereza ndi nkhope yachisoni. Pang'ono ndi pang'ono manyazi anatha, mauthenga anayamba kugwa pafoni ya Kasingano.

"Wadzuka bwanji, wapamtima wanga? Ine popanda iwe ndine malaya opanda batani."

Zinthu anaziwononga ndi mkulu wake wa Kasingano, amene ankasita zovala m'shopumo. Mayi ameneyu nkhani siigona m'mimba mwake. Tsiku lina anaulula zonse uku akufa ndi phwete, poganiza kuti alamu aseka nawo. Mphunzitsi sanaseke. Anakumbukira mmene ana asukulu ankamusekera mimba ili pamtunda.

"Ngati unandinamiza pa ulusi, ndidziwa bwanji kuti pa chikondi sunandinamize?" anafunsa motsitsa mawu, n'kutuluka.

Foni inangoti zii. Kasingano analira mpaka maso kutupa, pakuti ankamukondadi. Analemba kuti, "Wowola unali ulusi, osati mtima wanga." Yankho silinabwere.

Atataya kale mtima, anangoona mphunzitsi walowa, nsalu yakuda ili m'khwapa. Anati akufuna suti ya ukwati. Mtima wa Kasingano unasweka! Moti wapeza kale wina? Komabe ntchito ndi ntchito. Anatenga tepi n'kuyamba kumuyeza mapewa, misozi akuimeza.

Ali mkati moyezedwa, mphunzitsi anafotokoza kuti tsiku lija atakwiya anatsegula dikishonale kufuna liwu lomunyozera, ndipo anapeza lakuti crafty, kutanthauza munthu wochenjera mwakabisira. Koma atawerenga kumene liwulo linachokera, anapeza kuti kalekale linali loyamikira. Linkanena munthu wamphamvu ndi waluso pa ntchito ya manja ake, ndipo za chinyengozi zinadzalowamo pambuyo pake.

"Ndinakhala pansi n'kudzifunsa," anatero. "Ine wamantha ndikanayankhula liti? Iwe unaona chimene ukufuna, n'kuchikoka ndi kaulusi chabe, osapweteka munthu. Nzeru zoterezi sindinazionepo."

Kasingano anangoti zikomo, maso ali pa tepi. Kuyamikiridwa ndi mwamuna wa mwini kuli ndi phindu lanji? Anadzilimbitsa n'kunena kuti ngati mkwatibwi akufunanso diresi, abwere adzamuyeze.

Mphunzitsi anamulanda tepi ija pang'onopang'ono, n'kumukoleka nayo m'khosi.

"Mkwatibwiyo ndiwe, duwa langa, ngati ungandilole. Ulendo uno ndabwera ndekha, palibe chimene chathothoka."

Kasingano anagwedeza mutu movomera, n'kubisa nkhope pachifuwa pake.