Zuhura Ataya Chithunzi cha Mtsinje

Zuhura ankakhala ku Al Hilal, mu mzinda wa Doha. Ankakhala ndi amayi ake ndi bambo ake. Zuhura anali ndi nkhawa. Amayi ake ankalira tsiku ndi tsiku.

Inali nthawi ya korona. Sukulu zinali zotseka. Ulendo wa ku Malawi unali wosatheka. Agogo a Zuhura ankadwala ku Liwonde. Amayi sakanatha kupita kukawaona.

Pakhoma panali chithunzi cha pepala. Bambo anapatsidwa ku hotelo kumene ankagwira ntchito. Pachithunzipo panali mtsinje. Madzi ake anali phee. Panali bwato lonyamula ng'ombe. Panali mitengo ndi mitambo ikuluikulu yotuwa.

"Ababa, kumeneku n'kuti?" anafunsa Zuhura.

"Ndi ku Holland, dziko lakutali," anayankha bambo. "Anachijambula kalekale. Papita zaka pafupifupi mazana anayi."

M'mawa amayi ankayang'ana chithunzicho. Misozi inkatsika. Masana ankachiyang'ananso. Misozi inkatsikanso.

"Chithunzi ichi n'choipa," anaganiza Zuhura. "Chikuwaliza amayi anga."

Tsiku lina masana amayi anagona. Zuhura anakwera pampando. Anachotsa chithunzicho. Anachipindapinda n'kukachitaya m'bini panja. Galimoto ya zinyalala inabwera. Chithunzi chinapita.

Amayi anadzuka. Anayang'ana pakhoma. Panalibe kanthu.

"Mtsinje wanga uli kuti?" anafunsa amayi.

"Ndautaya, amayi," anatero Zuhura. "Umakulizani."

Amayi anakhala pansi. Sanakalipe. Anangoyang'ana khoma lija.

"Mwanangu, chimandiliza si mtsinje," anatero amayi. "Ndimalira chifukwa ndawasowa agogo ako. Mtsinje uja umafanana ndi Shire wakwathu. Ndikauona, mtima umakhala pansi."

Zuhura anathamangira panja. Anatsegula bini. Munalibe kanthu. Anasuzumira kuseri kwa biniyo. Kunalibenso kanthu.

Zuhura analira. Tiyi sanamwe. Zidole sanazigwire.

"Ndikanangofunsa kaye," anatero. "Ndikanangofunsa!"

Madzulo bambo anabwera. Anavula masiki n'kusamba m'manja. Zuhura anawauza zonse.

"Tiye tichifufuze pa foni," anatero bambo.

Pa foni panali mitsinje yambiri ya ku Holland. Yonse inali ya madzi odekha.

"Ndi uwu?" anafunsa bambo.

"Ayi, si uwu," anatero amayi.

"Nanga uwu?"

"Ayi, uwunso ayi."

Mtsinje wa amayi sunapezeke. Zuhura anaweramitsa mutu.

"Pepani, amayi," anatero chapansipansi.

Amayi anamukokera pamiyendo. Anamupukuta misozi ndi mpango wawo.

"Basi, zatha," anatero amayi. "Kodi ukuukumbukira mtsinje uja?"

"Eya, ndikuukumbukira wonse."

"Yalla, tiyeni!" anatero bambo. "Bweretsa katoni ndi makrayoni."

Onse atatu anakhala pansi. Zuhura anajambula madzi. Anajambula bwato ndi ng'ombe. Bambo anajambula mitambo. Mitambo yawo inali ngati mbatata.

Kenako amayi anatenga krayoni. Anajambula makutu awiri pamwamba pa madzi. Anajambula mphuno yaikulu.

"Mvuu!" anafuula Zuhura. "Ababa, kodi ku Holland kuli mvuu?"

"M'mitsinje yawo mulibe," anatero bambo.

"Muno ilimo," anatero amayi akumwetulira. "Sendera kuno, Zuhura. Jambula mwana wake. Mvuu sikhala yokha."