Botolo Lachisanu la Kamphepo

Uyu ndi Kamphepo. Amamutcha choncho chifukwa sakhala pansi.

Kamphepo ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuimba nyimbo ya bambo ake pa tsiku la makolo kusukulu.

Bambo ake ndi telala. Akamasoka, amaimba chapansipansi. Makina amati tchaka tchaka tchaka. Nyimbo imayandama pamwamba pake ngati utsi.

Kamphepo anatola mabotolo asanu ndi awiri. Anawatsuka. Anawamangirira pa ndodo ndi tinsalu totsala. Anathiramo madzi.

Madzi ambiri, mawu otsika. Madzi ochepa, mawu okwera.

Anamenya ndi supuni. Nge! Nge! Nge!

Koma botolo lachisanu linavuta. Anathira. Anapungula. Anathiranso dontho limodzi. Nge!

"Eya!" anatero Kamphepo. "Bambo amaimba chonchi!"

Tsiku losankha oimba linafika. Aphunzitsi anakhala pa kiyibodi.

"Tamverani, ana inu," anatero. "Choimbira chanu chigwirizane ndi kiyibodi. Chikapanda kugwirizana, simudzaimba."

Kamphepo anamenya botolo loyamba. Nge! Aphunzitsi anadina kiyi.

"Zagwirizana."

Lachiwiri linagwirizana. Lachitatu linagwirizana. Lachinayi linagwirizananso.

Kamphepo anamenya lachisanu. Nge!

Aphunzitsi anakwinya nkhope. Anadina kiyi woyera. Mawu anatsika kwambiri. Anadina kiyi wakuda. Mawu anakwera kwambiri.

"Botolo ili lasochera," anatero aphunzitsi.

"Lakhuta madzi!" anakuwa mnyamata woimba ng'oma. Ana onse anaseka.

Aphunzitsi anamasula botolo lija. Anapita nalo pawindo.

"Tipungule pang'ono. Lifanane ndi kiyi wakuda."

Kamphepo anayang'anitsitsa botolo lake.

Botolo linapendekeka. Madzi anafika pakhosi. Madzi anafika pakamwa.

"Aphunzitsi, musataye!" anakuwa Kamphepo.

Palibe mwana amene analetsapo aphunzitsi.

"Wati chiyani, mwanawe?"

"Ndati... chonde, musataye. Mawu amenewo ndi a bambo anga."

"Bambo ako ali m'botolo?" ananong'ona mnyamata uja. Koma palibe amene anaseka.

Aphunzitsi anamuyang'ana Kamphepo. Botolo linali lopendekekabe.

"Ukakana, sudzaimba. Ukudziwa zimenezo?"

"Ndikudziwa."

Misozi inalengeza m'maso mwake.

"Koma tangomvani kaye. Kamodzi kokha."

Kenako aphunzitsi anamupatsa botolo.

"Kamodzi kokha," anatero.

Kamphepo anamangirira botolo pa ndodo. Supuni inagwa pansi. Anaitola. Anatseka maso.

Nge, nge, nge. Nge, nge.

Nyimbo inadzuka. Inayenda pang'onopang'ono. Itafika pa botolo lachisanu, inapinda mokoma. Inapinda ngati munthu amene akumwetulira ali ndi misozi.

Aphunzitsi anatsatira ndi kiyibodi. Anatsatira, anatsatira. Pa botolo lachisanu, chala chawo chinasowa popita.

Kiyi woyera? Ayi.

Kiyi wakuda? Ayi.

Chala chinaima pakati. Chinaima pa kampata kakang'ono.

"Imbanso," anatero aphunzitsi.

Kamphepo anaimbanso.

"Imbanso."

Anaimbanso. Tsopano aphunzitsi ankatsatira ndi pakamwa. Pakamwa panakwanitsa. Kiyibodi sinakwanitse.

"Bwerani muone, ana inu," anatero. "Mawu a botolo ili amakhala apa. Pakati pa kiyi uyu ndi kiyi uyu. Kiyibodi yanga ilibe kiyi wa pamenepa."

"Ndiye botolo silinasochere?" anafunsa mnyamata uja.

"Silinasochere. Ndine ndinafulumira."

Aphunzitsi anazimitsa kiyibodi.

"Kamphepo, udzaimba wekha. Kiyibodi idzakhala chete. Idzamvetsera."

Anasunga mabotolo m'kabati. Anatseka ndi loko kuti madzi asatayike.

Kamphepo anathamangira kunyumba. Anapeza bambo akusoka malaya.

"Bambo! Andisankha! Mawu anu mulibe m'kiyibodi! Ali pakati!"

"Pakati pa chiyani, mama? Ine ndimangoimba basi."

"Taimbani. Imbani msanga!"

Bambo anaponda makina. Anayamba kuimba. Kamphepo anatchera khutu.

"Imani! Apo! Bwerezani apo!"

Bambo anabwereza.

"Palinso mawu ena apo! Sindinawamve kale!"

Kamphepo anathamangira kukhitchini. Anagwira botolo pa shelefu.

"Iwe!" anakuwa amayi. "Mmenemo muli mafuta!"

"Ndiye tiphike msanga, amayi. Ndikulifuna lero!"

Bambo anaseka mpaka ulusi unaduka. Amayi anapukusa mutu. Kenako anatenga kapu. Anakhuthuliramo mafuta onse.

"Eko," anatero amayi. "Koma ulitsuke ndi sopo."