Zala za Ufa pa Jekete ya Mayeso

Chimene Mayeso anayamba kuona chinali ufa pa jekete yake. Jekete yakudayo anaigula pa kaunjika, ndipo ankaibisa m'jumbo kudenga kuti isakhudzane ndi fumbi la kuchigayo kumene ankagwira ntchito. Koma m'mawa wina ataitsitsa, paphewa panali zidindo za zala zoyera, ngati wina wagwira munthu kuti asanyamuke.

Chigayocho, pa Golomoti, chinali cha a Kaliati. Kanyumba kamene Mayeso ankagonamo ndi mkazi wake Ellen komanso khanda lawo Natasha kanalinso ka a Kaliati, kuseri kwa chigayo komweko. Malipiro ankabwera mwezi uno, wamawa osabwera. N'chifukwa chake Mayeso anayamba kufunsira ntchito mwakachetechete pa shopu ina yogulitsa zipangizo za njinga zamoto ku Mtakataka. Kuti apeze mpata wovala jekete ija n'kukaonekera kushopuko, ankanamiza abwana ake kuti mwana wadwala, akupita naye kuchipatala ku Mua. Chonsecho mwanayo anali bwinobwino.

"Muzinamizira njinga, kaya mvula, osati mwana," Ellen anamuchenjeza. Mayeso sanamvere.

Usiku wa tsiku limene anapeza zidindo zija magetsi anazima, kunja kuli bii, ngakhale agalu osauwa. Kenaka kunamveka kulira kwapansipansi ngati njuchi zili m'mphako, kukulirakulira, mpaka malata a kanyumbako anayamba kunjenjemera.

"Bambo a Natasha, mwamva?" Ellen ananong'ona.

"Ndi lole pamsewu wa ku Salima."

"Lole imalira malo amodzi?"

Mayeso anapapasa buluku lake pakhoma. Makiyi a chigayo anali m'thumba momwemo.

Amayi obwera kudzagayitsa anali ndi nkhani yawo imene ankanong'onezana pamzere. Ankati Daudi, amene ankayendetsa chigayocho Mayeso asanabwere, anatsanzika mwaulemu kuti wapeza ntchito ku Salima. Ku Salimako sanamuone, kwawonso sanafike. Ankati a Kaliati sataya wantchito. Wofuna kuchoka amangomusinthira nthawi, kuchoka masana kupita usiku.

Chigayo chinaliranso usiku wotsatira, ndipo Natasha anayamba kutsokomola. Chinali chifuwa chouma, chobanika, ngati cha munthu amene wakhalitsa m'fumbi. Kuchipatala anamupima malungo, sanawapeze, ndipo anawapatsa mankhwala a chifuwa. Masana ankapezako bwino, koma kukangoda, phokoso likayamba, mwana ankabanikanso. Ellen pomusambitsa anapeza ufa m'tsitsi mwake ndi kuseri kwa makutu.

Mayeso analephera kupirira. Anatuluka ndi tochi ya foni, kulunjika kuchigayo. Atangokhudza loko, phokoso linati zii. Anatsegula. Munalibe munthu, koma lamba wa injini anali wotentha, ndipo pansi, pamene anasesa yekha madzulo, panali mulu wa ufa wofunda.

M'mawa a Kaliati anafika pa njinga yamoto, n'kuima pakhomo pa kanyumbako akumwetulira.

"Mwana wadzuka bwanji, Mayeso? Ulendo uno wadwaladi, eti?"

Mayeso anayankha kuti, "Akuyesera, bwana."

"Achira ameneyo, usadandaule. Iwe ndimakutenga ngati mwana wanga. Munthu wanga sindimutaya ine."

Kutada, chigayo chinayamba msanga, mokweza kuposa masiku onse. Natasha anatong'ola maso, nthiti zikulowa ndi kutuluka, kulira osatuluka mawu. Ellen anamunyamula akuyendayenda m'chipindamo, akupemphera mawu osamveka. Apo foni ya Mayeso inawala pamphasa.

"Ndine Yasini wa kushopu kuja. Pepani ndaimba usiku. Abwana akuti mudzayambe Lolemba, chipinda chogona chiliponso. Mubwera?"

Mayeso anayang'ana mkazi wake. Miyezi yonse ija ankadikira mawu amenewa. Malata anali kugwedezeka, ufa ukuyoyoka kudenga n'kumagwera pankhope pa mwana.

"Halo? A Mayeso?"

"Pepani, achimwene," anatero Mayeso. "Mwalakwitsa nambala."

Anadula foni. Nthawi yomweyo chigayo chinatsika mawu pang'onopang'ono, monga chimachitira munthu akachizimitsa, mpaka kunangoti zii. Natasha anakoka mpweya wautali, nafunafuna bere, nayamba kuyamwa.

Ellen anakhala pansi ndi mwanayo, misozi ili chuchuchu. Kunja, wina anakhoma loko wa chigayo, nachoka pang'onopang'ono akukhwekhwereza mapazi.